Tsiku limene a Bill Richardson anatchedwa Yudasi

Pa 21 Malichi 2008 linali Lachisanu Loyera. Tsiku limenelo, mumzinda wa Portland ku America, a Bill Richardson anakwera pansanja, n'kuima pambali pa a Barack Obama, n'kulengeza kuti iwo ali mbali imeneyo. A Richardson anali bwanamkubwa wa chigawo cha New Mexico, ndipo nawonso anayesako mpikisano womwewo wofuna munthu woimira chipani cha Democratic pa chisankho cha pulezidenti, koma anagwera m'njira mu Januwale. Wogonja akasankha mbali, nthawi zambiri anthu sadabwa. Apa chimene chinautsa mapiri pachigwa n'chakuti a Richardson anakwezedwa ndi a Bill Clinton, amuna awo a mayi Hillary Clinton amene ankalimbana ndi a Obama. A Clinton ali pulezidenti anawapatsa ukazembe ku United Nations mu 1997, ndipo chaka chotsatira anawalowetsa m'nduna kuti aziona za magetsi ndi mphamvu zina. Milungu isanu ndi iwiri lisanafike Lachisanu Loyeralo, a Clinton anachita kukwera ndege mpaka ku New Mexico kukaonera nawo limodzi mpira wa Super Bowl pa wailesi yakanema. Aliyense ankadziwa kuti ulendowo sunali wa mpira.

A James Carville, katswiri amene anayendetsa kampeni ya a Clinton mu 1992, sanadikire kuti mkwiyo uzizire. Anauza nyuzipepala ya New York Times kuti zimenezi zachitika pa nthawi yake, chifukwa ndi masiku omwewo amene Yudasi anagulitsa Mbuye wake ndi ndalama 30 zasiliva. Anthu atawauza kuti apepese, anakana. M'malo mwake analemba nkhani mu Washington Post yonena kuti kusakhulupirika kotere n'koyenera kunyozedwa. A Richardson nawo anayankha m'nyuzipepala yomweyo kuti kukhulupirika kwawo koyamba ndi kwa dziko, osati kwa banja limodzi.

Mawu awiriwa ndi amene akhala akumveka m'chipani chilichonse chimene chikusankha mtsogoleri. Koma kuti timvetse chifukwa chake voti ya munthu mmodzi inapweteka choncho, m'dziko limene anthu oposa 35 miliyoni anavota pa zisankho zachipulula za chipanicho, tiyenera kuyamba taona mmene mpikisanowo unapangidwira.

Kuno kwathu, woimira chipani pa upulezidenti amasankhidwa ndi nthumwi pa msonkhano waukulu, ndipo mapulayimale timawadziwira kwa aphungu ndi makhansala. Ku America nakonso msonkhano waukulu ndi umene umadula mutu wa nkhani, koma nthumwi zambiri zimapita kumeneko zitamangidwa kale ndi mavoti a anthu wamba. Mu 2008 chigawo chilichonse chinkavota pa tsiku lake, kuyambira Januwale mpaka Juni. Zigawo zina anthu ankaponya voti mwachinsinsi monga pa chisankho china chilichonse, pamene zina ankasonkhana m'masukulu ndi m'maholo n'kuima m'magulu poyera, zofananako ndi kuima kumbuyo kwa munthu amene ukumufuna. Chipani cha Democratic chimagawa nthumwi molingana ndi mavoti. Wopambana satenga zonse. Aliyense amene wafika pa 15 peresenti amapatsidwa gawo lake.

Kalamulo kameneka ndi kamene kanapweteketsa mayi Clinton. Gulu lawo linaika mtima pa zigawo zikuluzikulu, n'kumaganiza kuti pofika pa 5 Febuluwale, tsiku limene zigawo zoposa 20 zinavota pamodzi, nkhondo idzakhala itatha. Anyamata a Obama anakhala pansi ndi masamu. Ku New Jersey, chigawo cha anthu ambiri, mayi Clinton anapambana n'kupeza nthumwi 59 pamene a Obama anapeza 48, kusiyana kwa 11. Ku Idaho, kumene a Democratic ndi ochepa ndipo palibe ankakuwerengera, a Obama anatenga 15 pa nthumwi 18, kusiyana kwa 12. Kachigawo kamodzi kakumidzi kanafufuta chipambano chonse cha ku New Jersey. Litadutsa tsikulo a Obama anapambana zisankho 11 zondondozana, ndipo mpata umene anatsegula mwezi umenewo sunatsekekenso, ngakhale mayi Clinton anadzapambana ku Ohio ndi ku Pennsylvania.

Komabe panali vuto. Popeza ankagawana nthumwi paliponse, palibe mwa awiriwa amene akanafika pa chiwerengero chofunika, chimene poyamba chinali 2,025, ndi nthumwi za mavoti zokha. Zotsalazo zinayenera kuchokera kwa anthu pafupifupi 800 amene sanamangidwe ndi voti ya aliyense. Amenewa ndi amene amatchedwa ma superdelegate: aphungu onse a chipanicho m'nyumba ziwiri za malamulo, abwanamkubwa, mamembala a komiti yaikulu ya chipani, ndi akuluakulu akale monga amene anakhalapo pulezidenti. Mwa nthumwi zisanu zilizonse, imodzi inali ya mtundu umenewu. A Richardson anali mmodzi wa iwo.

Anthu amenewa sanagwe kuchokera kumwamba. Mu 1968 chipanichi chinasankha a Hubert Humphrey pa msonkhano wa ku Chicago asanapikisane nawo pa chisankho chachipulula n'chimodzi chomwe. Mamulumuzana anangogwirizana m'zipinda, kunja apolisi akukwapula achinyamata otsutsa nkhondo ya ku Vietnam. A Humphrey atagonja kwa a Richard Nixon, chipani chinasintha malamulo n'kupereka mphamvu kwa ovota wamba. Koma walira mvula walira matope. Mu 1972 ovotawo anasankha a George McGovern, amene pa chisankho chachikulu anagwa chagada, n'kupambana chigawo chimodzi chokha pa zigawo 50. Mu 1980 a Jimmy Carter ndi a Ted Kennedy anang'ambana mpaka pa msonkhano waukulu, ndipo a Ronald Reagan anangodzatola. Akuluakulu anati ayi, galimoto imeneyi ikufunika mabuleki. Komiti yotsogozedwa ndi a Jim Hunt, bwanamkubwa wa North Carolina, inakhazikitsa ma superdelegate mu 1982, kuti anthu odziwa chipani mkati mwake azikhala ndi mawu, ndipo ngati ovota asochera, aziwabweza.

Pamenepa ndi pamene panagona chiyembekezo cha banja la Clinton. Kwa zaka 16, kuyambira 1992, chipanichi chinali ngati munda wawo. Anapereka maudindo, anasonkhetsa ndalama za kampeni za anthu osawerengeka, anakaima pa misonkhano ya aphungu amene mipando yawo inkagwedezeka. Kupatsa n'kuika, ndipo iwo anali ataika zambiri. Chaka cha 2008 chikuyamba, mayi Clinton ankatsogola ndi ma superdelegate pafupifupi 100. A Obama anali atangokhala zaka zitatu m'nyumba ya Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo zija. Analibe munthu amene akanamuuza kuti kumbukira zija ndinakuchitira.

Ngongole zija zitayamba kulonjereredwa, zinapezeka kuti ambiri sankaziona ngati ngongole.

A John Kerry ndi amene anayamba kuswa mtima. Mu 2004, iwo akupikisana ndi a George W. Bush, a Bill Clinton anadzuka pa mphasa patangopita milungu yochepa atachitidwa opaleshoni ya mtima n'kukawachitira kampeni ku Philadelphia. Pa 10 Januwale 2008 a Kerry analengeza kuti ali ndi a Obama. Seneta Claire McCaskill wa ku Missouri, amene banja la Clinton linamuthandiza kupeza ndalama mu 2006, anachita chimodzimodzi masiku ochepa pambuyo pake. Kenako kunagwa mtengo waukulu: pa 28 Januwale a Ted Kennedy, mng'ono wa malemu pulezidenti John F. Kennedy, limodzi ndi Caroline, mwana wa malemuwo, anakweza dzanja la a Obama pa American University ku Washington. Dzina la Kennedy m'chipanichi limalemera ngati la mfumu yaikulu, ndipo anthu anamva ngati ufumu wasamutsidwa.

Zimene zinakwiyitsa a Kennedy ndi ena zinachokera pakamwa pa a Bill Clinton eniake. A Obama akupambana ku South Carolina pa 26 Januwale, a Clinton anakumbutsa atolankhani kuti m'busa wakuda Jesse Jackson nayenso anapambanapo kumeneko mu 1984 ndi 1988. Anthu akuda ambiri anamva kuti akuuzidwa kuti uyu ndi wakuda chabe amene wavoteredwa ndi akuda anzake. Kwa munthu amene akuda a ku America ankamukonda kuposa pulezidenti wina aliyense wa m'nthawi yawo, lilime linatereradi poipa.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ine ndi ya a John Lewis. Amenewa sanali phungu wamba. Pa 7 Malichi 1965 anatsogolera anthu akuda pa mlatho wa Edmund Pettus ku Selma, pofuna ufulu wovota, ndipo apolisi anawamenya mpaka kuwaswa chigaza. Anali bwenzi la banja la Clinton la zaka zambiri, ndipo mu Okutobala 2007 analengeza poyera kuti ali ndi mayi Clinton. Nthawi imeneyo zinali zosavuta, popeza akuda ambiri sankakhulupirira kuti azungu angavotere a Obama. Koma a Obama atapambana ku Iowa, chigawo cha azungu pafupifupi okhaokha, mitima inatembenuka. Pa 5 Febuluwale dera la a Lewis ku Atlanta linavotera a Obama mwaunyinji. M'busa wina wachinyamata analengeza kuti apikisana nawo pa mpando wawo. Tangoganizani: munthu amene anakhetsa magazi kuti wakuda avote, tsopano voti yake ikanathandiza kutsekereza wakuda woyamba kulowa ku White House. Kumapeto kwa Febuluwale anasintha mbali, ndipo ananena kuti kuwoloka mlatho wa ku Selma kunali kopepuka poyerekeza ndi chiganizo chimenechi.

Kodi a Lewis anagulitsa mnzawo? Anali ndi ngongole zitatu zimene zinkakoka mbali zosiyana: kwa bwenzi limene analilonjeza, kwa anthu amene anawatuma ku nyumba ya malamulo, ndi kwa moyo wawo wonse umene anaupereka pa nkhondo ya ufulu. Panalinso chachinayi chimene andale sakonda kuchitchula, mpando wawo. Ena amene anali m'nsapato zomwezo anaima nji. Mayi Stephanie Tubbs Jones a ku Cleveland anakhala ndi mayi Clinton mpaka mapeto. A Emanuel Cleaver a ku Missouri anafotokoza kuti phungu mnzawo, a Jesse Jackson Jr., anawafunsa ngati angakonde kuti mbiri idzawakumbukire ngati munthu amene analepheretsa wakuda kukhala pulezidenti. A Cleaver sanasunthe. Anati bwenzi silisiyidwa chifukwa choti kwabwera wina wa khungu lofanana ndi lako. Ndikayang'ana anthu awiriwa, a Lewis ndi a Cleaver, sindiona wachinyengo. Aliyense anasankha ngongole yoti abweze, n'kusiya ina ikulira.

Chinyengo chenicheni chinali pa mfundo zimene magulu awiriwa ankalalikira. A Obama atayamba kutsogola pa nthumwi za mavoti, gulu lawo linati ma superdelegate ayenera kutsata zofuna za anthu. Zomveka ndithu. Koma ku Massachusetts, kwawo kwa a Kennedy ndi a Kerry, anthu anavotera mayi Clinton ndi mpata waukulu, ndipo palibe wa gulu la Obama anauza akuluakulu awiriwa kuti atsate anthu awo. Ku New Mexico kwa a Richardson nakonso mayi Clinton ndi amene anapambana, ngakhale mwapang'ono. Kumbali inayo, gulu la Clinton linkati ma superdelegate anaikidwa kuti aziganiza paokha, osamangidwa ndi aliyense. Koma wina akaganiza payekha n'kusankha a Obama, ankasanduka Yudasi. Ufulu umene ankanenawo unali wa njira imodzi.

A Nancy Pelosi, amene anali sipikala, atanena mu Malichi kuti chipani chidzavulala ngati akuluakulu atembenuza zimene ovota asankha, anthu olemera pafupifupi 20 amene ankathandiza mayi Clinton anawalembera kalata. Anawadzudzula, kenako n'kuwakumbutsa mwaulemu kuti iwo akhala akupereka ndalama zambiri ku thumba lothandiza aphungu a chipanicho. Sanati tisiya kupereka. Panalibe chifukwa chonenera.

Mkati mwa msasa wa Clinton namonso munali utsi. Woyendetsa kampeni, mayi Patti Solis Doyle, anali atagwira ntchito ndi mayi Clinton kuyambira masiku a ku Arkansas, kumene a Bill Clinton anali bwanamkubwa, ndipo ambiri ankati anapatsidwa udindowo chifukwa cha kukhulupirika kuposa luso. Ndalama zinatha msanga moti mayi Clinton anabwereketsa kampeni yawo 5 miliyoni ya madola kuchokera m'thumba mwawo kumapeto kwa Januwale. Pa 10 Febuluwale mayi Solis Doyle anachotsedwa. Mu Epulo mlangizi wamkulu, a Mark Penn, anatula pansi udindo zitadziwika kuti anakumana ndi kazembe wa Colombia pa nkhani ya mgwirizano wa malonda umene abwana awo ankautsutsa poyera. Ndipo mu Juni mayi Solis Doyle aja analembedwa ntchito ndi a Obama, zimene otsatira a Clinton anaziona ngati kuwathira tsabola pachilonda. Msasa umene unkafuna kukhulupirika kwa anthu akunja unkalephera kugwirizana m'nyumba mwake.

Mu Meyi madzi anasefukira. A Joe Andrew, amene anakhala wapampando wa chipani m'nthawi ya a Bill Clinton, anawolokera kwa a Obama. A McGovern omwe aja a mu 1972, amene Bill ndi Hillary ali achinyamata anawachitira kampeni ku Texas, nawonso anasintha n'kupempha mayi Clinton kuti asiye. Mwezi womwewo a Obama anapitirira mayi Clinton ngakhale pa chiwerengero cha ma superdelegate.

Mpeni wotsiriza umene unatsala unali wa Florida ndi Michigan, ndipo apa ndi pamene ndale za m'chipinda zinaonekera poyera. Malamulo a chipani ankalola zigawo zinayi zokha, Iowa, New Hampshire, Nevada ndi South Carolina, kuvota isanafike 5 Febuluwale. Michigan inaika chisankho chake pa 15 Januwale, Florida pa 29 Januwale. Komiti ya malamulo inazilanga pozilanda nthumwi zonse, ndipo opikisana analonjeza kuti sakachita kampeni kumeneko. A Obama anachotsa dzina lawo pa pepala lovotera la ku Michigan. Mayi Clinton analisiya, koma mu Okutobala 2007 anauza wailesi ina ya ku New Hampshire kuti chisankho chimenecho sichidzawerengedwa. Anapeza 55 peresenti, pamene 40 peresenti inavotera bokosi losonyeza kuti sanasankhe aliyense. Ku Florida, kumene mayina onse analipo, anapambananso.

Zinthu zitathina, gulu la Clinton linayamba kulankhula za ufulu wa ovota a zigawo ziwirizi, kuti mavoti a anthu mamiliyoni sangatayidwe chifukwa cha kulakwa kwa andale. Mfundoyo payokha si yopusa. Ku Florida tsikulo linaikidwa ndi nyumba ya malamulo imene munkalamulira chipani cha Republican, ndipo mayi wamba wa ku Miami amene anakaima pamzere sanalakwire aliyense. Koma amene ankatsogolera dandauloli, a Harold Ickes, anali membala wa komiti ya malamulo yomweyo, ndipo mu 2007 iwo eni anavota kuti Florida ilandidwe nthumwi. Gulu la Obama nalo, limene linkaimba nyimbo ya zofuna za anthu, silinaonetse changu chilichonse pamene ena anaganiza zoti zigawozi zivotenso.

Pa 31 Meyi komitiyo, ya anthu 30, inakumana mu hotela ina ku Washington, makamera akuonetsa dziko lonse. Inagamula kuti nthumwi za zigawo ziwirizi zipite ku msonkhano koma aliyense akhale ndi theka la voti. Pa Michigan anachita zachilendo: malinga ndi mavoti mayi Clinton anayenera kupeza nthumwi 73, koma anawapatsa 69, ndipo 59 zinapita kwa a Obama amene dzina lawo silinali n'komwe pa pepala. A Ickes anapsa mtima, n'kunena kuti kumeneku n'kulanda nthumwi zinayi, ndipo anachenjeza kuti nkhaniyi ikhoza kupita mpaka ku msonkhano waukulu. Otsatira a Clinton m'holomo ankakuwa dzina la Denver, mzinda umene msonkhanowo unali kudzachitikira. Chigamulocho chinadutsa ndi mavoti 19 kwa 8, ndipo ena mwa amene anachivomereza anali anthu a Clinton omwe. Anali ataona kumene mphepo ikulowera.

Pa 3 Juni zigawo zomaliza, Montana ndi South Dakota, zinavota, ma superdelegate ambiri anakhamukira kwa a Obama tsiku lomwelo, ndipo chiwerengero chatsopano cha 2,118 chinakwana. Aliyense mwa awiriwa anali ndi mavoti a anthu pafupifupi 18 miliyoni. Pa nthumwi za mavoti a Obama ankatsogola ndi zoposa 100 pang'ono.

Tsono taonani zimene zinachitikira mabuleki aja a mu 1982. Anaikidwa kuti akuluakulu azitha kukana chisankho cha ovota. Chaka chimene anali ndi mphamvu zenizeni zochitira zimenezo, sanayerekeze. Phungu aliyense ankadziwa kuti kulanda wakuda woyamba chipambano chimene wachipeza motsata malamulo kukanang'amba chipani kwa m'badwo wonse, ndiponso kuti iye mwini adzabwerera kwa ovota omwewo. Mphamvu zawo zinali zogwira ntchito poyamba pokha, poopseza ena kuti asalowe mumpikisano ndi posonyeza opereka ndalama kumene kuli chipambano. Pamapeto anangosanduka osindikiza chidindo. Banja la Clinton linasunga chuma chake m'nkhokwe imene tsiku la njala sinatseguke.

Kugwirizana kwa eni mkangano kunabwera mwachangu chodabwitsa. Pa 5 Juni awiriwa anakumana okha m'nyumba ya seneta Dianne Feinstein ku Washington. Pa 7 Juni mayi Clinton anavomereza kugonja. Pa 27 Juni anaonekera limodzi m'katauni ka ku New Hampshire kotchedwa Unity, dzina lotanthauza umodzi, kumene pa chisankho chachipulula aliyense anapeza mavoti 107 ndendende. Kagulu ka otsatira okwiya kotchedwa PUMA, dzina limene kumasulira kwake kwenikweni ndi mawu otukwana umodzi wa chipani, kanalumbira kuti kavotera a John McCain a chipani cha Republican, koma phokoso lake linaposa chiwerengero chake. Ku Denver mu Ogasiti, mavoti a zigawo ali mkati mowerengedwa, mayi Clinton anaimirira pakati pa nthumwi za New York n'kupempha kuti kuwerenga kuime, a Obama avomerezedwe ndi mfuu. Florida ndi Michigan anali atazibwezera kale mavoti athunthu, popeza tsopano zinalibenso kanthu.

Kukhululuka kumeneko kunathera pamwamba pomwepo. Atolankhani awiri, Jonathan Allen ndi Amie Parnes, anaulula mu 2014 kuti kampeni itatha, othandizira a mayi Clinton anakonza mndandanda wa aphungu pa kompyuta, n'kupatsa aliyense nambala kuyambira 1, wokhulupirika kwambiri, mpaka 7, wachiwembu. A Kerry anali pa 7. Mndandandawo sunali wongosunga. Mu 2012, malire a madera atasintha ku New Jersey, aphungu awiri a chipani chimodzi anapezeka akulimbirana mpando umodzi: a Bill Pascrell, amene anali ndi mayi Clinton mu 2008, ndi a Steve Rothman, amene anathamangira kwa a Obama koyambirira. A Bill Clinton anapita kukachitira kampeni a Pascrell, ndipo a Rothman anataya mpando. Madzi saiwala khwawa.

Mkangano wa ma superdelegate unabwereranso mu 2016, anthu atasinthana malo. Tsopano mayi Clinton ndi amene ankatsogola pa mavoti a anthu, ndipo akuluakulu pafupifupi onse anali nawo kuyambira pachiyambi. Wopikisana nawo, a Bernie Sanders, amene anayamba ndi kudzudzula dongosololi kuti ndi lobera, anamaliza ndi kupempha akuluakulu omwewo kuti atembenukire kwa iwo ngakhale anali m'mbuyo. Mu Julayi makalata a pa intaneti a ku likulu la chipani atabedwa n'kuulutsidwa ndi tsamba loulula zinsinsi la WikiLeaks, zinaoneka kuti ena mwa ogwira ntchito kumeneko ankanyoza a Sanders, ndipo wapampando, mayi Debbie Wasserman Schultz, amene anali mmodzi wa atsogoleri a kampeni ya mayi Clinton mu 2008, anatula pansi udindo. Mu Ogasiti 2018, ku Chicago komwe kuja kunayambira zonsezi zaka 50 m'mbuyomo, chipani chinagamula kuti ma superdelegate asamavote pa ulendo woyamba ngati voti yawo ingasinthe zotsatira.

Nanga a Richardson? Dzina lawo linkatchulidwa pakati pa amene angakhale nduna ya zakunja, ndipo mbiri yawo ya ukazembe inkawayenereza. A Obama atapambana mu Novembala, mpando umenewo anaupereka kwa mayi Clinton. A Richardson anawalonjeza unduna wa zamalonda, koma kumayambiriro kwa Januwale 2009 anadzichotsa okha chifukwa cha kafukufuku wokhudza makontirakiti a boma la New Mexico, amene pamapeto pake sanawapeze ndi mlandu. Anabwerera ku Santa Fe, likulu la New Mexico, kukamaliza ubwanamkubwa wawo. Pa 21 Januwale mayi Clinton analumbira kukhala nduna ya zakunja m'boma la munthu amene kumuthandiza kunapatsa a Richardson dzina la Yudasi.